Tikiti ya Tsiku Limodzi

Pali malo awiri m'dziko muno amene amatchedwa Mawira, ena ku Nkhotakota, ena kufupi ndi Liwonde. Amene adatcha dzinali sadavutike kuganiza: adaona madzi akutumphuka pansi ali otentha, nthunzi ili tolotolo, nati awa ndi mawira. Ku Chiweta, m'boma la Rumphi, madzi amatuluka otentha pafupifupi madigiri 80, oti mwana atapondamo mosasamala akhoza kusupuka khungu. Kutali ku South Africa kuli tauni imene Azungu ankaitcha Warmbaths, ndipo kuyambira m'chaka cha 2002 imatchedwa Bela-Bela, dzina limene m'chinenero cha eni dera limanenanso za kuwira komweko.

Dzina ndi limodzi, koma kafikidwe kake n'kosiyana. Ku Nkhotakota anthu a m'midzi yozungulira akhala akusamba ndi kuchapa pa akasupe awo kuyambira kale. Ku Bela-Bela kuli mpanda, chipata, ndi kazenera kogulitsira matikiti. Munthu amene alibe ndalama zogonera komweko amagula tikiti ya tsiku limodzi: alowa m'mawa ndi mkazi wake ndi ana, aviika thupi m'madamu a madzi ofunda, ana asewera m'kadamu kosaya kamene adawakonzera, awotcha nyama pa makala, ndipo dzuwa likapendeka alongedza, natuluka. Malo otere amati ndi oyenera banja. Ndikhulupirira kuti ambiri a ife, titapeza ndalama zake, tikhoza kupitako osayang'ana m'mbuyo, ndipo sindikuona tchimo m'menemo.

Funso langa lili pa kapepala kamene mlonda amang'amba pachipata paja. Kodi munthu akagula kapepalako, wagula chiyani kwenikweni?

Madzi otentha aja alibe mwini wowatenthetsa. Mvula igwa, madzi alowa m'ming'alu ya matanthwe, atsika pansi kwambiri kumene miyala ili yotentha, pakuti pa kilomita iliyonse yolowa pansi kutentha kumaonjezereka ndi madigiri 25 kapena 30, kenaka abwereranso kumtunda potsata ming'alu ikuluikulu ya chigwa chimene muli nyanja yathu ndi mtsinje wa Shire. N'chifukwa chake akasupe otentha a m'Malawi adandandalika motsata chigwachi, kuchokera ku Karonga mpaka ku Chikwawa. Palibe amene adatola nkhuni, palibe amene adasonkha moto. Tsono ngati wina aima pakhomo pa madzi otere nati, "Lipirani," tiyenera kudziwa chimene akutigulitsa.

Nkhaniyi ndikufuna kuiganizira ndili ku Mulanje, ngakhale madzi amene anthu amalondola kumeneko ndi ozizira ngati a m'chiphaliwali cha June, chifukwa kumeneko ndiko kumene chipata chidafika kale. Mukapatuka pa Chitakale n'kutenga msewu wa ku Phalombe, mufika pa Likhubula, pamene pali ofesi ya za nkhalango ndi polipirira polowera m'phiri. Kuchokera apo muyenda ulendo wa pafupifupi ola limodzi, kukwera pang'onopang'ono, mpaka mufika pa Dziwe la Nkhalamba, pamene mtsinje wa Likhubula umagwa pathanthwe n'kudzaza dziwe lakuya, lobiriwira. Pa masiku a tchuthi mabasi a ana a sukulu, makwaya a mipingo ndi mabanja ochokera ku Blantyre amakhamukira kumeneko. Onsewo ndi anthu a tsiku limodzi. Dzina la dziweli likukumbutsa za ena amene sadali a tsiku limodzi: zimakambidwa kuti padali malo a mizimu, pothirira nsembe, ndi kuti nkhalamba zinkaonekera pamenepo kwa amene adali ndi mwayi, kapena tsoka, lakuziona.

Amene amaikira kumbuyo chipata ali ndi mawu omveka, ndipo ndisawapeputse. Njira yopita kudziwe siidzilambula yokha. Gulu la anthu zana limodzi likadya mpunga ndi nkhuku pamatanthwe, pamatsala mabotolo ndi majumbo amene wina ayenera kutola. Anthu zana limodzi afuna chimbudzi, ndipo ngati palibe chimbudzi tikudziwa tonse kumene amapita, pamene mudzi wa kumunsi ukumwa madzi a mtsinje womwewo. Koposa zonse, dziwe lija lamezapo anthu, ena a iwo achinyamata onga ife, odziwa kusambira m'damu la kusukulu koma osadziwa madzi ozizira a m'phiri amene amagwira miyendo. Mlonda wodziwa malo oopsa, wolondolera alendo, chikwangwani chochenjeza, zonsezi zimafuna malipiro. Munthu amene akuti madzi ndi a Mulungu, choncho ndisalipire kanthu, koma nafuna kupeza njira yolambula ndi chimbudzi chosesa, akufuna thangata: wina amgwirire ntchito ulele.

Aphunzitsi athu a filosofi atikumbutsa pano za John Locke, Mngelezi uja amene cha m'ma 1690 adalemba za chiyambi cha umwini. Iye adati dziko lapansi lidaperekedwa kwa anthu onse pamodzi, koma munthu akathira thukuta lake pa chinthu, chinthucho chimasanduka chake. Chodabwitsa n'chakuti chitsanzo chimodzi chimene adapereka ndi cha madzi: a pakasupe ndi a aliyense, a mumtsuko ndi a amene watunga. Agogo athu sakadatsutsa zimenezo. Mayi amene watunga madzi n'kusenza mtunda wautali, madziwo ndi ake, ngakhale mwambo sumlola kumana wapaulendo waludzu chikho chimodzi. Koma Locke adaikapo malire amene omutsatira ake ambiri amakonda kuiwala: munthu atenge chake pokhapokha ngati ena atsaliridwa zokwanira, zabwino chimodzimodzi. Wotunga ndi mtsuko asiya mtsinje wonse kwa anzake. Womanga mpanda kuzungulira kasupe sadatunge mumtsuko ayi. Waika kasupe yense mumtsuko wake. Ndipo akasupe otentha sali ngati mitsinje yoti ukakanizidwa pano upita patsogolo. M'boma lonse mukhoza kupezeka kasupe mmodzi kapena awiri. Dziwe la Nkhalamba nalo ndi limodzi.

Choncho yankho loyamba ndi losavuta: tikiti ikhoza kugula ntchito ya manja a anthu, njira, chimbudzi, chipinda chovalira, maso a mlonda, koma singagule madziwo. Ngakhale lamulo lathu la za madzi la m'chaka cha 2013 lidaika madzi onse a m'dziko muno m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu onse, ndipo kutunga madzi a pakhomo sikufuna chiphaso. Koma yankholi ndi la m'kalasi. Pachipata penipeni sungathe kulekanitsa njira ndi madzi. Amene alibe ndalama ya njira saona madzi.

Pali china chimene timakonda kuchilumpha. Timaganiza ngati kuti madzi opanda chipata ndi madzi opanda lamulo. M'chaka cha 1968 Garrett Hardin adalemba nkhani yotchuka yonena kuti chinthu cha onse chimaonongeka, popeza aliyense amadyerapo koma palibe wosamala, ndipo nkhaniyo yakhala ikutchulidwa ndi aliyense wofuna kumanga mpanda. Adamuyankha ndi Elinor Ostrom, amene m'buku lake la 1990 adaonetsa midzi yambiri ya padziko lapansi imene yasunga msipu, nkhalango ndi madzi kwa zaka mazanamazana popanda mwini mmodzi. Adalandira nazo mphotho ya Nobel mu 2009. Ife amene tidakulira kumudzi tikadamuuza zimenezi popanda mphotho. Dooko la kumudzi lili ndi malamulo ake okhwima. Potunga madzi akumwa ndi kumtunda, pochapa ndi kumunsi. Amayi ali ndi posamba pawo, abambo pawo, ndipo mwamuna akamayandikira dooko la amayi amafuula odi akadali patali. Mwana woipitsa madzi amadzudzulidwa ndi mayi aliyense amene wamuona, asakhale wake. Pamalo a mizimu sipankafikidwa mwachisawawa, ndipo mantha amenewo adateteza mitengo yambiri kuposa m'mene zikwangwani zachitira. Ngati mawu oti malo oyenera banja atanthauza malo amene ana ali otetezeka ndi akulu sachita manyazi, ndiye kuti dooko lidali loyenera banja kale mawuwo asadapangidwe.

Komatu malamulo a dooko amagwira anthu odziwana. Amagwira munthu amene mawa adzakumana ndi apongozi ake panjira. Sagwira basi yodzaza ophunzira a pa koleji amene abwera ndi makireti a mowa ndi wailesi yaphokoso, amene sadziwa dzina la nyakwawa ya pamalopo ndipo madzulo akhala atabwerera ku Zomba. Akulu adati mlendo ndi mame, ndipo mwambiwo adaunena potilangiza kuti timpirire mlendo chifukwa sakhalitsa. Sadaganizire za mame amene amagwa Loweruka lililonse, mabasi atatu nthawi imodzi.

Apa ndiye pali mfundo imene yandikhalitsa pansi kulemba nkhaniyi. Chipata chimabwera chifukwa cha mlendo. Ndi mlendo amene afuna chimbudzi chatsopano, ndi mlendo amene sadziwa pakuya, ndi mlendo amene mwambo sumufika. Mwini mudzi sankafuna mlonda kuti asambe mumtsinje wa agogo ake. Koma chipata chikangoimikidwa, amene amadutsa mosavuta ndi mlendo yemweyo, popeza ali ndi ndalama m'thumba, ndipo amene amatsala kunja ndi mwini mudzi. Mankhwala adagulidwa chifukwa cha matenda a mlendo, koma akumwetsedwa kwa amene sadadwale.

Anthu a ku Mulanje sayenera kuuzidwa za mipanda, adaiona kale. Tiyi adayamba kubzalidwa kumeneko mu 1891, pa esiteti ya Lauderdale, ndipo m'zaka zomwezo Harry Johnston adapereka kwa Azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo akuluakulu amene ankati adagula kwa mafumu. M'zikalata zambiri mudali mawu oti midzi imene idalipo isasokonezedwe, koma mawuwo adatsala papepala. Alomwe amene adawoloka kuchokera ku Mozambique adapeza malo okhala pa maesiteti polipira ndi thukuta lawo. Mu 1927 phiri lenilenilo lidalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa ya Boma. Tsono munthu wa m'tsinde mwa phiri adapezeka ali pakati: kumunsi tiyi wa eni ake, kumtunda nkhalango ya Boma, iye pakamzere kopapatiza. Sindikunena kuti kuteteza phirilo kudali kulakwa. Amene adaona m'mene mkungudza, mtengo wa fuko lathu, watheramo m'phirimo, kapena amene adaona matope ndi miyala zimene zidatsika pa namondwe wa Freddy mu March 2023, sanganene kuti phiri lisiyidwe lopanda wolisamala. Ndikungonena kuti munthu wa pa Likhubula akaona mzati watsopano ukukumbiridwa pafupi ndi mtsinje, ali ndi zifukwa za zaka zoposa zana limodzi zoti afunse kuti mzatiwo ndi wa chiyani.

Ndipo pali matikiti awiri a tsiku limodzi amene amagulidwa m'mbali mwa phiri limodzimodzilo. Ina ndi ya banja lobwera pagalimoto kudzasambira. Ina ndi ya mayi amene amalipira kwa a za nkhalango kuti alowe kukatola mtolo wa nkhuni zouma. Awiriwa amakumana panjira, wina akukwera ndi kamera, wina akutsika ndi mtolo wolemera pamutu, ndipo amapatsana moni mwaulemu monga mwa chikhalidwe chathu. Kwa woyambayo ndalama ija ndi yosamveka kutuluka kwake, yochepa kuposa ya botolo la zakumwa limene ali nalo m'chikwama. Kwa wachiwiriyo ndi gawo la ndiwo za tsikulo. Mtengo wofanana kwa anthu osafanana si chilungamo, ndi masamu chabe.

Mawu oti banja nawonso ayenera kufunsidwa. Tikiti imawerenga mitu: wamkulu zakuti, mwana zakuti. Banja limene adaliganizira ndi lokwana m'galimoto imodzi, bambo, mayi ndi ana awiri kapena atatu. Ku Mulanje, monga m'madera ambiri a chikamwini, banja ndi mbumba. Mwamuna amene wapeza ntchito m'tauni ali ndi ana ake, alinso ndi ana a alongo ake amene amamutcha malume ndipo ali ndi mangawa pa iye. Afika pakazenera kaja ndi ana asanu ndi atatu, awerenga ndalama zake, ndipo ayenera kusankha. Malo amene amachititsa malume kusankha pakati pa mwana wake ndi mphwake pamaso pa onse awiri, akhale ndi kadamu kosaya kokongola chotani, sindidziwa ngati tingawatche oyenera banja lathu.

Ena mwa inu anena kuti ndikukokomeza, kuti kusambira si nsima, ndipo palibe amene adafa chifukwa chosaona mathithi. N'zoona. Koma taonani kumene tsankho limakonda kudzionetsera. Ku South Africa lamulo la 1953 lidalola kuti madamu osambiramo, magombe a nyanja, mapaki ndi mabenchi zipatulidwe potsata khungu, ndipo lidachotsedwa mu 1990. Makolo athu amene adapita ku migodi ya ku Johannesburg adaziona zikwangwanizo ndi maso awo. Olamulira aja adadziwa kuti malo amene anthu amavula malaya n'kulowa m'madzi amodzi ndi malo amene kusiyana kwa bwana ndi wantchito kumasungunuka, n'chifukwa chake adawalondera kwambiri. Chipata cha ndalama sichifanana ndi chipata cha khungu, ndisanamizire. Wosauka akhoza kulemera mawa, ndipo mlonda samutukwana. Koma chili ndi ulemu wina woopsa: sichikukaniza, chimangokuuza mtengo, ndipo umabwerera wekha uli ndi manyazi ngati kuti wolakwa ndiwe. Mwana wokulira m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, amene amazungulira mipanda ya mahotela ndi nyumba zatchuthi kuti apeze kanjira kofikira kumadzi, akuphunzira phunziro limene palibe mphunzitsi adamulembera pa bolodi.

Madzi a Likhubula adautsapo kale mkangano woposa wa kusambira. Cha m'ma 2016 ndi 2017, pamene bungwe la Blantyre Water Board linkakonza zotenga madzi mumtsinjewo, okwana malita 20 miliyoni pa tsiku, kupita nawo ku Blantyre ndi madera ozungulira, anthu ena a ku Mulanje adakana kolimba, nafunsa kuti iwo apindulapo chiyani pamene midzi yawo yomwe ikusowa madzi abwino. Mapaipi adaikidwa ndithu, ndipo anthu a mumzinda nawo ndi Amalawi aludzu. Koma funso lija silidali lopusa, ndipo ndi lomwelo la pachipata, lavala malaya aakulu.

Nanga tichite chiyani, tigwetse zipata? Ine sindikutero. Ndikuti chipata chiyang'ane kumene kudachokera vuto. Wobwera kutali alipire, ndipo alipire mokwanira, osanyinyirika. M'malo osungira nyama monga Liwonde ndi Majete, Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo wa kunja, ndipo palibe amene amati n'tsankho. Nzeru yomweyo ikhoza kutsika sitepe ina, kuti wa m'mudzi woyandikana ndi madzi asawerengedwe pamodzi ndi Mmalawi mnzake wotsika m'galimoto. Nyakwawa imawadziwa anthu ake, mlonda nayenso ndi mwana wa pomwepo. Ndalama yotoleredwa ionekere pamalopo, pa mjigo, pa mlatho, pa denga la sukulu, osati kungokwera basi kupita ku likulu. Ndipo ngati wina adzafuna kumanga malo achisangalalo pa Mawira kapena pa Chiweta, onga a ku Bela-Bela, amange madamu ake pambali n'kupatutsirako gawo la madzi, atunge mumtsuko wake monga aliyense, koma diso la kasupe ndi dooko la amayi zitsale kunja kwa mpanda.

Kwa ife ogula tikiti, chovuta n'chakuti kapepala kaja kamatisintha mtima tisakudziwa. Mlendo wa mwambo wathu amafika ndi odi, amakhala pamene wauzidwa, amafunsa asadakhudze kanthu, ndipo amachoka ali ndi ngongole ya ulemu. Wogula alibe ngongole, adalipira kale. Ndiye amene amataya botolo m'madzi nati alipo olipidwa kuti atole. Ndiye amene amajambula mayi wosenza nkhuni osampempha, ngati kuti nayenso ali m'gulu la zimene tikiti yagula. Ndaonapo anthu ophunzira bwino, odziwa kutsutsa atsamunda m'nkhani zawo za m'kalasi, akukalipira mnyamata wolondolera alendo chifukwa chowauza kuti asadumphire pakuya. Ndalama zawo zidawauza kuti dziwe ndi lawo mpaka 5 koloko.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chifukwa chachikulu chimene lidapereka si kutalika kwa Sapitwa, mamita 3,002 aja, koma kuti ndi phiri la mizimu ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Kutereku alendo achuluka, ndipo pamene pachuluka alendo pamabwera anthu a mapulani, onyamula mapepala ojambulapo malo oimika magalimoto, malo odyera ndi mipanda. Misonkhano yokambirana zimenezi idzachitika, ndipo mafumu adzaitanidwa, pamodzi ndi a khonsolo, a za nkhalango ndi a zokopa alendo. Misonkhano yotere kawirikawiri imachitikira kuboma, m'chipinda cha mipando, kuyambira 9 koloko m'mawa, nthawi imene amayi a pa Likhubula amakhala ali kumtsinje ndi mabeseni a zovala, ena ali m'phiri kutola nkhuni.